A Namaona ndi Anthu a ku Yoga

A Albert Namaona anamva mawu akuti yoga koyamba kuchipatala cha pa Njuli, tsiku limene anapita ndi akazi awo kukatenga mankhwala. Akazi awowo, a Easter, amene mudzi wonse unkawatchula kuti amake Lloyd, anali atagwa m'munda wa nandolo miyezi ingapo m'mbuyomo. Pamene ankatsitsimuka, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi.

Namwino wina wachitsikana, dzina lake Fortune, anagwira dzanja lofumbatalo n'kuyesa kuongola zala.

"Bambo, mapiritsi okha sangadzutse dzanja ili," anatero. "Likufunika kumagwedezedwa. Mukudziwa pa sitolo ya a Hamadi, ogula nandolo aja? Kuseri kwake mwana wawo Shamima amaphunzitsa yoga. Kawasiyeni kumeneko amayiwa. Inenso ndimapita ndikaweruka."

"Yogayo ndiye chiyani? Zitsamba?"

Fortune anaseka. "Kudziongola basi, ndi kupuma bwino. Mukaona nokha."

A Namaona sanafulumire. Atafunsa kutchalitchi, wina anawauza kuti zimenezo n'zopembedza za amwenye, wina anati n'za anthu olemera osowa chochita. Koma kunyumba zinthu sizinkawasangalatsa. Amake Lloyd anali munthu wapakamwa, woyambitsa nyimbo pamaliro ndi paukwati pomwe, munthu woti akamakalipira nkhuku anthu a kutsidya kwa dambo ankamva. Tsopano ankangokhala pakhonde kuyambira m'mawa, maso ali pansi, ntchentche ikatera padzanja lakufalo osaimva. Loweruka lina a Namaona anamangirira pilo pakaliyala ya njinga, anakwezapo akazi awo, n'kuyamba kukankha. Kupalasa anaopa, kuti angagwetse munthu.

Malowo anali nyumba yakale yosungiramo matumba. Shamima anali ataipaka laimu n'kuboola mawindo awiri aakulu, koma kafungo ka nandolo kanali kadakalimo. Pakhomo panali mulu wa nsapato ndi masilipasi. Mkati, chingwe chinadutsa pakati, ndipo pachingwepo anapachikapo zitenje: amuna mbali iyi, akazi mbali iyo.

Shamima anatuluka yekha kudzawalandira. Anali mayi wamfupi, wampango wobiriwira kumutu, ndipo yogayo anaiphunzira ku Joni komwe ankasamalira gogo wina wodwala msana. Sanayambe ndi kufunsa za matenda. Anagwada pafupi ndi njinga, n'kugwira dzanja lakumanja la amake Lloyd, lakufa lija, n'kupereka moni.

"Mwaswera bwanji, mayi? Takulandirani. Mkeka ulipo."

A Namaona anazindikira kuti chidwalireni akazi awo, anthu onse ankawapatsa moni kudzanja lamanzere, kapena ankangolankhula ndi iwo amunawo ngati wodwalayo palibe.

Vuto linabuka nthawi yomweyo. Amake Lloyd sakanatha kukhala tsonga popanda wowagwirira, ndipo wina aliyense akati awagwire ankakana ndi mutu. Ankafuna amuna awo. Shamima anayang'ana zitenje zija, n'kuyang'ana amayi amene anali atakhala kale pamikeka.

"Nanga titani, amayi?"

Anayankha ndi a Zuwena, mayi wonenepa wogulitsa tomato pamsika, amene ankabwera chifukwa cha chiuno. "Alowe kuno bamboyo. Pamsinkhu umenewu angatibe ndani?"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete, mpaka amuna kuseri kwa zitenje. Motero a Namaona anakhala mwamuna yekhayo wa mbali ya akazi. Anawayalira mkeka kumapeto, pafupi ndi windo, ndipo malo amenewo anakhala awo.

Zochita zake sizinali zachilendo monga ankaganizira. Shamima ankati akweze manja ngati akuthyola papaya, apinde msana ngati mphaka wodzuka kutulo, akoke mpweya pang'onopang'ono mpaka mimba idzaze. A Namaona ankakhala kumbuyo kwa akazi awo, msana wa mayiwo utatsamira pachifuwa chawo, n'kumanyamula dzanja lolemeralo m'mwamba ndi kulitsitsa. Pomaliza onse ankagona chagada, maso ali chitsinzinire, Shamima n'kumalankhula motsitsa kuti aliyense asiye katundu wake pansi kaye. Kunja kunkamveka magalimoto a mumsewu wa ku Zomba ndi anyamata oitanira minibasi, koma mkatimo munkakhala zii.

Pa tsiku lina Shamima anati, "Bambo Namaona, inunso thupi muli nalo. Lero amayi awagwire a Zuwena, inu muimirire ndi mwendo umodzi."

Amake Lloyd, amene tsopano anali atawazolowera a Zuwena, sanakane. A Namaona anaimirira, anapinda mwendo wina n'kuponda pabondo, manja m'mwamba. Anayamba kugwedezeka ngati chinangwa pamphepo, anadumphadumpha, kenako anagwira chitenje kuti asagwe. Chingwe chinaduka. Zitenje zonse zinawagwera pamutu, ndipo amuna a mbali inayo anapezeka ali poyera, wina matako ali m'mwamba.

Pakati pa phokoso lonselo a Namaona anamva kuseka kumene anali atakuiwala. Anavundukula chitenje kumaso. Amake Lloyd ankaseka mpaka misozi, pakamwa popotokapo pakunjenjemera.

"Chi-tsi-ru," anatero mayiwo, mawu akutuluka limodzilimodzi koma omveka bwino.

"Mwamva?" anakuwa a Namaona, ali chikhalire pansi. "Mwamva nonse? Anditukwana! Amake Lloyd anditukwana!"

Kuyambira pamenepo sankajomba. Dzinja litafika njira ya kumudzi inasanduka matope okhaokha, ndipo Twaha, bambo wa kabaza ya njinga yamoto amene ankachita yoga chifukwa cha mawondo, anayamba kuwatsatira kunyumba. Ankakweza amake Lloyd pakati, a Namaona kumbuyo atawakumbatira, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Loweruka akamaliza ankamwa tiyi pakhonde la nyumbayo, wina atabweretsa chigumu, wina mbatata yootcha. M'mwezi wa Ramadani tiyiyo anamusiya onse, Akhristu omwe, popanda wowauza. Mwana wa Fortune atadwala, anapita gulu lonse kukazonda. A Namaona, amene m'mudzi ankadziwika kuti amuna a amake Lloyd basi, kuno ankatchulidwa dzina lawo, ndipo akachedwa anthu ankafunsana kuti ali kuti.

Dzanja lija silinachire lonse, koma zala zinayamba kutambasuka. Amake Lloyd anafika poyenda ndi ndodo kuchoka pakhomo mpaka pamkeka wawo. Loweruka lina m'nyengo yozizira ananyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanja, anataya theka, theka linalo anamwa. A Zuwena analulutira mpaka ogula m'sitolo ya a Hamadi anasuzumira. Pobwerera tsiku limenelo, ali pakaliyala, mayiwo anati, "Chaka chino nandolo ndidzabzala ndekha. Inu mumatalikitsa mapando."

Mvula ya chaka chimenecho sanaione. M'mawa wina wotentha wa mu Okutobala, a Namaona anapita kuseri kukatereka madzi osamba. Pobwera anapeza akazi awo atagwa chammbali pakhonde, ndodo ili apo, maso ali chitsegulire. Anaimbira Twaha, ndipo Twaha anafika msanga ndi galimoto ya a Hamadi, koma amake Lloyd anatsirizika asanafike n'kumsewu waukulu komwe, mutu uli pamiyendo ya amuna awo.

Pamaliro anthu a ku yoga anabwera onse. A Zuwena anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa kukhitchini ngati wachibale. Shamima anakhala pakati pa amayi a kwaya, ndipo ngakhale nyimbozo sankazidziwa, sanachoke mpaka manda atakwiriridwa. A Namaona sanalire pagulu. Ankangoyankha moni, kuthokoza, ndi kuuza anyamata komwe kunali nkhuni.

Chimene chinali kubwera ankachidziwa. Mudziwo sunali wawo. Anabwera ali mnyamata kuchokera ku Phalombe kudzakhala chikamwini, monga amachitira amuna onse a kumeneko. Malo anali a mbumba ya akazi awo. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Lloyd, ndipo nayenso anali mkamwini kwa mkazi wake ku Milepa. Mwana wamkazi woti n'kuwasunga pamalopo analibe.

Patatha milungu ingapo a Stanford, mchimwene wa malemuwo komanso mwini mbumba, anaitanitsa abale. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala umene a Namaona anabzala chaka chimene Lloyd anabadwa. A Stanford anazengereza kuyamba, chipewa akuchitembenuzatembenuza m'manja.

"Alamu," anatero pomaliza, "palibe munthu pano amene angakutoleni chifukwa. Mlongo wathu mwamusunga. Mwamusambitsa, mwamudyetsa, mwamukankha panjinga dzuwa likuswa mtengo. Ife enife sitikanatha. Lero tikukumasulani, ndinu mfulu. Koma mwambo mukuudziwa. Ndiponso Lydia uyu, mdzukulu wathu, banja lake linatha, akugona ndi ana m'khitchini mwa amake. Sitikukuthamangitsani ayi. Mukhoza kukhala mpaka mudzakolole."

Lloyd anaimirira. "Amalume, nyumba iyi njerwa zake anaumba ndani? Malata anakhoma ndani? Bambo angawa apite kuti pamsinkhu umenewu?"

"Khala pansi, Lloyd," anatero a Namaona.

"Koma bambo..."

"Ndati khala pansi. Ineyo ndakhalapo pabwalo ngati ili posudzula anzanga, ndipo sindinatsutsepo. Amalume ako sanalakwe."

Madzulo ake Lloyd anawachonderera kuti apite naye ku Milepa. A Namaona anapukusa mutu. Mkamwini kubweretsanso bambo ake kwa apongozi, anthu akanamuseka mwanayo mpaka kalekale. Za kudikira kukolola nazonso anazikana mumtima. Sakanatha kubzala munda umenewo okha, n'kumaona Lydia akudutsa mwaulemu tsiku ndi tsiku, maso ake akuyeza mawindo. Anatumiza uthenga kwa mlongo wawo ku Phalombe kuti akubwera.

Loweruka lomaliza anapalasa njinga kupita pa Njuli. Chichitikireni maliro anali asanapondeko. Njingayo inkawapepukira moti anafika msanga, anthu asanayambe. Anavula nsapato pakhomo, analowa, ndipo mwachizolowezi analunjika kumbali ya akazi. Atayenda pang'ono anaima. Pafupi ndi windo paja panali mtsikana wina wachilendo, woyembekezera, akuyala mkeka. A Zuwena anatsegula pakamwa kuti amusunthe, koma a Namaona anakweza dzanja.

"Musiyeni mwanayo. Pamafika kamphepo kabwino pamenepo."

Anatembenuka n'kudutsa kuseri kwa zitenje. Twaha anasendera n'kuwapatsa malo pambali pake.

Shamima anayamba monga mwa nthawi zonse. Anati akweze manja. A Namaona anakweza, ndipo manjawo anakwera msanga, opanda cholemera chilichonse. Sanadziwe kuti awasiye m'mwambamo nthawi yaitali bwanji, chifukwa kale ankayendera mpweya wa akazi awo: mayiwo akayamba kupuma mothamanga, ndiye kuti yakwana nthawi yotsitsa. Pachifuwa pawo pankazizira. Analakwitsa zonse tsiku limenelo, ena akapita kumanzere iwo kumanja, ndipo panalibe amene anaseka.

Itafika nthawi yogona chagada, anagona n'kutsinzina. Shamima anati aliyense asiye katundu wake pansi kaye. A Namaona anakoka mpweya, koma potuluka unatuluka ndi mawu amene iwo eni sanawazindikire, kubuula ngati kwa ng'ombe. Anayesa kudzigwira pakamwa, zinakanika. Analira chagada pomwepo, misozi ikulowa m'makutu, thupi lonse likugwedezeka pamkeka. Panalibe amene anadzuka kapena kuwauza kuti alimbe mtima. Twaha anangotambasula dzanja n'kuwagwira pamkono, osatsegula maso. Kuseri kwa zitenje a Zuwena nawo anayamba kufwenthera, kenako wina, kenako winanso. Shamima anasiya kulankhula. Anawasiya choncho mpaka kulirako kunatha kokha.

Pa tiyi ndi pamene a Namaona anawauza kuti Lachiwiri akunyamuka.

"Kupita kuti?" anafunsa a Zuwena, kapu ili m'malere.

"Kwathu."

"Kwanu n'kuno, inu! Ku Phalombeko akukudziwani ndani?"

"Mlongo wanga alipo. Maso anafooka, koma mawu anga awazindikira."

Shamima analowa m'sitolo n'kukalankhula ndi bambo ake. Pobwera anagwada pafupi ndi a Namaona.

"Bambo, kuseri kuno kuli kachipinda komwe kankagona mlonda. Tikakonza, tikapaka laimu. Bambo anga avomera. Muzitithandiza kutsegula ndi kuyala mikeka. Chakudya musadere nkhawa."

"Ndiwo ndizibweretsa ine," anatero a Zuwena. "Tomato yekha ndiye mudzachita kumukana."

A Namaona anayang'ana kumsewu. Ankafuna kuvomera. Anaona m'maganizo kachipindako, m'mawa akusesa pakhomo, anthu akubwera mmodzimmodzi n'kumawapatsa moni.

"Ana anga," anatero, "zimene mwandichitira, abale enieni sachita. Koma taonani. Njira iyo ikutsika apoyo ndi ya kumudzi kuja. Ndikakhala pano, tsiku lina miyendo idzanditenga yokha. Ndidzakafika pakhomo panga, n'kupeza mwana wa eni ake akuphika, ine n'kuima ngati wopempha madzi. Ndiponso muno..." Analoza nyumba ya yoga ndi chibwano. "Muno ndimomwe amake Lloyd anayambiranso kuseka. Lero ndalowamo kamodzi, mwaona nokha mmene zandichitira. Tsiku ndi tsiku sindingathe."

Fortune anatsanulira tiyi wina m'kapu mwawo ngakhale munali musanathe.

Lachiwiri m'mawa Twaha anafika ndi njinga yamoto. Katundu sanali wambiri: chikwama cha zovala, khasu, wailesi, ndi bulangete. Mipando, bedi ndi ziwiya anasiyira Lydia, njinga yakapalasa anapatsa Lloyd. Lydia anagwada pakhomo akulira, kupepesa, ndipo a Namaona anamuuza kuti denga la kuchipinda limadontha pakona, aikepo beseni mvula ikayamba. Anapita kumanda okha, sanakhalitseko.

Podutsa pa Njuli anapeza anthu a ku yoga ataima m'mbali mwa msewu. A Zuwena anali atasiyira mnzawo benchi ya tomato, Fortune anali mu yunifolomu. Anawapatsa jumbo ya mandasi ndi botolo la thobwa. Shamima anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Twaha anawaperekeza mpaka pa boma, anawakwezera katundu m'minibasi, n'kuima pomwepo mpaka inanyamuka.

A Namaona anafika kwawo dzuwa litapendeka. Mudzi unali utasintha. Pomwe panali nyumba ya mayi awo panali chigayo, ndipo mitengo imene ankaidziwa inali itadulidwa. Anafunsa njira kawiri m'mudzi momwe anabadwira. Atafika pakhomo lomwe anawalozera, anapeza mayi wina wachitsikana akupeta chimanga, mwana ali kumsana. Anali mdzukulu wa mlongo wawo, koma anali asanaonanepo.

"Odi," anatero a Namaona, n'kutula chikwama pansi.

Mayiyo anaika lichero pambali, anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kugwada mwaulemu.

"Fikani, bambo. Kaya mukufuna ndani?"

A Namaona anatsegula pakamwa. Kwa zaka zonsezi, akafunsidwa choncho, ankangoti ndine amuna a amake Lloyd, ndipo zinkakwana.

"Agogo ako alipo?" anafunsa. "Kawauze kuti Albert wabwera."

Mayiyo analowa m'nyumba. Iwo anakhala pa chikwama chawo n'kumadikira.